Imanjenjemera Nthawi Yanji?

Pali funso limene madala ena amakaniko anandifunsa miyezi ingapo yapitayo, mpaka lero ndikalikumbukira ndimachita manyazi ndekha. Anangoti, "Imanjenjemera nthawi yanji, achimwene?" Ine kukamwa yasa, mawu osatuluka. Galimoto ndi yanga, ndimayendetsa ndekha tsiku ndi tsiku, ndinali nditavutika nayo pafupifupi miyezi iwiri ndikudandaulira aliyense amene wanditchera khutu, koma funso lophweka chonchi linandisowetsa mtengo wogwira.

Mavuto anali awiri, kapena tinene kuti ine ndinkaona ngati ndi awiri. Chiwongolero chinkanjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi, komanso galimoto inkakokera kumanzere, ukangomasula manja pang'ono kuti ukande mphuno basi yayamba ulendo wake wopita kumphepete kwa msewu. Ndinkafika kumene ndikupita phewa lakumanja likuwawa chifukwa chokhalira kulimbana nayo.

## Balansi kaye

Aliyense amene ndinamuuza ankayankha chimodzimodzi asanamve n'komwe nkhani yonse: kachititseni balansi. Ndipo sankanama ayi, nthawi zambiri vuto limakhaladi lomwelo. Tayala la galimoto yaing'ono ukamathamanga 100 limazungulira pafupifupi ka 14 pa sekondi imodzi, nde tangoganizani mbali imodzi ikalemererako ndi magalamu 20 kapena 30 okha, kulemera kumeneko kumakhala kukumenya m'mwamba ndi pansi ka 14 pa sekondi, zonsezo n'kumathera m'manja mwako. Anyamata a matayala anazungulitsa pa makina awo, kuchotsa tizitsulo takale, kuika tatsopano, ta magalamu 5 apa ta 10 apo, makina n'kuonetsa ziro mbali zonse. Ndinabwerera kunyumba, ulendo wa mphindi 10 basi, galimoto ili phee ngati yatsopano. Ndinalowa m'nyumba ndikudzitama kuti zatheka.

Loweruka lake tili pa ulendo wautali, lisanakwane n'theka la ola lomwe, chayambanso. Mayi akunyumba sanalankhule kanthu, anangondiyang'ana, kuyang'ana kuja amuna okwatira mukukudziwa.

## Alayimenti, kenako matayala

Ndiye ndinapita ku alayimenti, kowongola kaimidwe ka matayala. Kumeneko zinali za makompyuta, anamangirira zipangizo pa matayala onse anayi, anandipatsa ndi pepala lomwe la manambala ofiira ndi obiriwira. Anati toe, kutanthauza mmene matayala amalozera mkati kapena kunja ukawayang'ana kuchokera pamwamba, inali itachoka, anakonza, chiwongolero chimene chinali chopendekera pang'ono chinawongoka bwinobwino. Koma kukoka kuja kunali pomwepo. Nditabwerera kukadandaula mnyamata wake anati, "Ndi msewu umenewo bwana, msewu sumakhala fulati." Apanso sananame kwenikweni, misewu amaimanga yokwera pakati yotsetsereka cha kumphepete kuti madzi a mvula azitsika, nde galimoto iliyonse ukaisiya imatsetserekera pang'onopang'ono kumbaliko. Koma kutsetsereka ndi kwina, kukoka ndi kwina. Yanga inkachita kufuna kundilanda chiwongolero.

Chotsatira ndinagula matayala awiri atsopano akutsogolo. Apa sindidandaula kwambiri, akalewo anali atatsala pang'ono kufika pa timizere tija ta mkati mwa mapanga tosonyeza kuti kwatsala 1.6 mm, anali oti achoke basi. Koma thumba linalira, ndipo galimoto inapitiriza zake ngati palibe chachitika.

Panthawi imeneyi ndinali nditayamba kuganiza zoigulitsa. Ndinayambanso kuyendetsa mwamantha, wailesi ndinkaikweza dala kuti ndisamve chilichonse, ngati munthu amene akudziwa kuti dzino labowoka koma akungotafunira mbali inayo.

## Madala aja

Alamu anga ndi amene anandilozera kwa madala amenewa. Garaja yake yaing'ono, palibe kompyuta, jeke imodzi yaikulu ndi bokosi la masipanala lakale kuposa ine. Ndinafika ndi nkhani yanga yokonzeka kale, kuti balansi ndachita, alayimenti ndachita, matayala ndagula, ndikuganiza kuti ndi steering rack yatha. Iwo anamvetsera osadula mawu, kenako n'kufunsa funso lija.

Nditalephera kuyankha anayamba kulidula zidutswazidutswa. Imayamba mukangonyamuka m'mawa kapena mukayenda kaye? Pa sipidi yanji? Mukawonjezera moto imakula kapena imasiya? Mukaponda buleki? Mukachotsa phazi pa moto n'kuisiya izingoyenda yokha? Mumaimva m'manja mokha kapena ndi pampando pomwe? Nanga kukokako, kumakhala kofanana ulendo wonse?

Ine ndinkangoti, "Aaa imangonjenjemera madala, nthawi zina imasiya, nthawi zina imayamba." Iwo anaseka pang'ono. "Galimoto siyamba chinthu nthawi zina, achimwene. Ili ndi nthawi yake, kungoti simunaigwire. Tiyeni tiyende."

Mfundo ndi iyi: pa malo onse atatu amene ndinapita kale, palibe ngakhale mmodzi amene anakwera nane galimotoyo. Ndinazindikira zimenezi iwo akumanga lamba pampando wa pambali panga.

Tinanyamuka. Mphindi 10 zoyambirira galimoto inali yaulemu, inandichititsa manyazi ngati mwana amene wachira atangofika pa chipatala. Ndinayamba kudzitchinjiriza, kuti zoona madala imachita, lero kaya yatani. Iwo anati pitirizani. Tinafika 80, 90, 100, zii. Ndiye cha pa mphindi 20 kunayamba kakunjenjemera kakang'ono, kenako kukula, kukula, mpaka galasi la m'mbali kuoneka zinthu ziwiriziwiri, kukoka kuja nakonso kwalimba. Anati tsitsani mpaka 60. Ndinatsitsa, sikunasiye. Anati pondani buleki pang'onopang'ono, ndinaponda, pedulo inkachita kubwezera kuphazi ngati mtima ukugunda.

"Chabwino. Pezani malo otakasuka muime, koma musamaponde buleki kwambiri, tsitsani ndi magiya."

Titaima anatsika n'kuyamba kuzungulira galimoto. Pa tayala lililonse ankayandikiza kuseri kwa dzanja pafupi ndi rimu, osakhudza. Kumbuyo kumanja, kumbuyo kumanzere, kutsogolo kumanja. Atafika kutsogolo kumanzere anabweza dzanja msangamsanga n'kundikodola. Abale, ndisanafike n'komwe pafupi kutentha kunandiwomba kumaso ngati ndatsegula uvuni, ndi fungo lija la mabuleki opserera. Ndinati nditambasule dzanja, anandimenya kachikhatho pamkono. "Musakhudze chitsulocho, musiyapo khungu."

Kenako anandionetsa chinthu chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku osachiwerenga: rimu imeneyo inali yakuda bii ndi fumbi la mabuleki, inzake yakumanja ili yoyera ndithu. Ine potsuka galimoto ndinkangoti tayala ili limakonda dothi bwanji.

## Tayala losazungulira

Titabwerera anaikweza kutsogolo konse. Tayala lakumanja analikankha ndi dzanja limodzi, linazungulira kangapo lokha. Lakumanzere analikankha ndi manja awiri, linayenda theka n'kuima nji. Buleki inali yogwira, ine osaponda.

Apa ndi pamene ndinaona kusiyana kwa munthu wosintha zitsulo ndi munthu wofufuza. Sanathamangire kunena kuti gulani caliper yatsopano, chitsulo chija chimene chimapanikiza ma pad a buleki pa disc yozungulira limodzi ndi tayala. Anati zinthu zimene zingagwiritse buleki chonchi ndi zitatu, ndipo chilichonse chili ndi umboni wake. Pali kapayipi ka labala kamene kamabweretsa brake fluid ku caliper, kakakalamba kamatha kufwafwanika mkati n'kumalola mafuta kupita koma osabwerera, kunja kakuoneka bwinobwino. Pali ma pin awiri amene caliper imatsetserekapo, akauma girisi amagwira. Ndiye pali pisitoni yeniyeniyo ya mkati mwa caliper, imene imakankha ma pad ukaponda buleki. Anandiuza kuti ndiponde buleki kangapo ndisiye, iwo n'kumasula pang'ono kabawuti kotulutsira mpweya ku mabuleki kaja. Anati likanakhala vuto la payipi, mafuta otsekeredwawo akanatuluka mwamphamvu ndipo tayala likanamasuka pompo. Silinamasuke. Nde payipi inapulumuka mlandu.

Atachotsa caliper zonse zinaonekera poyera. Kalabala kotchinga fumbi pa pisitoni kanali kong'ambika, kaya kanang'ambika liti, madzi ndi dothi zinkalowa, pisitoni yachita dzimbiri moti ukaponda buleki imatuluka chifukwa mphamvu ya phazi ndi yaikulu, koma kubwerera ayi. Pin imodzi inalinso youma gwaa. Ma pad a mbali imeneyo anali atatsala ngati kapepala pomwe a kumanja anali ndi nyama yambiri, disc nayo inali itasintha mtundu, mawanga abuluu uku ndi uku chifukwa cha moto.

Nkhani yonse inalumikizana pamenepo. Buleki yakumanzere ikugwira, tayala lakumanzere likutsalira, galimoto ikukokera kumanzere. M'mawa zitsulo zili zozizira kugwirako kumakhala kochepa, ukayenda disc ikutentha, zitsulo zikufufuma, kugwira kukuwonjezeka, kutentha kukuwonjezekanso, mpaka disc imene yadyeka mosafanana ija iyamba kukankha ma pad pa kuzungulira kulikonse. N'chifukwa chake maulendo anga afupiafupi ochokera ku garaja ankandinamiza kuti zatheka. Mavuto awiri aja anali vuto limodzi. Ndipo mafuta amene ndinkadandaula kuti galimoto yayamba kumwa kwambiri, nanga si ndinkayenda ndi buleki yoponda.

Chimene chinandiziziritsa nkhongono n'chakuti madala anati kutentha kotereku kumatha kuwiritsa brake fluid, makamaka ikakhala yakale chifukwa imayamwa chinyezi pakapita nthawi, ndipo ikawira pedulo imangolowa pansi ngati waponda siponji. Ndinakumbukira Loweruka lija, ana awiri ali kumbuyo akuimba, ine ndikuthamanga 100 pamtsetse. Sindinayankhe kanthu, ndinangokhala pa tayala lakale limene linali pamenepo.

Anasintha caliper, ma pin anatsuka n'kupaka girisi wake wa mabuleki, anati girisi wamba amafufumitsa malabala. Ma disc ndi ma pad anasintha mbali zonse ziwiri, ine ndinayesa kunenerera kuti mbali yakumanja ili bwino, anakana, anati mabuleki a kutsogolo amayenda awiriawiri apo ayi mudzabweranso ndi kukoka kwina. Asanaike disc yatsopano anapala dzimbiri pa hub, pamene disc imakhalapo, mpaka kuwala, akuti kadzimbiri kochepa kokha kamapendeketsa disc ndipo pakapita miyezi kunjenjemera kumabwerera, munthu n'kumati anandigulitsa disc yabodza. Manati anamanga modumphitsa, uku kenako kutsidya, ndi sipanala yoyeza mphamvu ija, osati kudumphira pa wheel spanner ngati mmene ine ndimachitira.

## Zimene ndinatola ndili chikhalire pa tayala lija

Ntchito inatenga masana onse nde ndinawafunsa zambiri, iwo akugwira ntchito akuyankha osadzutsa mutu.

Kunjenjemera kwa balansi, anati, kumadziwika ndi sipidi. Kumabwera penapake pakati pa 80 ndi 110, ukatsika kumasiya, nthawi zina ukapitirira kumachepa, ndipo sikusamala kuti galimoto yatentha kapena ayi, m'mawa ndi masana chimodzimodzi. Kukakhala m'manja yang'ana matayala akutsogolo, kukakhala pampando ndi pansi pa mapazi yang'ana akumbuyo. Kwanga kunalibe sipidi yake, kunali ndi mphindi zake, ndipo pa 60 kunalipobe. Ndikanangodziwa kunena chiganizo chimodzi chimenechi tsiku loyamba, mwina anyamata aja akanandibweza okha.

Kukabwera pokhapokha waponda buleki, pedulo n'kumabwezera, ndi ma disc. Anthu timati disc yapindika koma iwo anati kawirikawiri imakhala yadyeka mosafanana, pena yonenepa pena yowonda, kusiyana kwake kochepa ngati tsitsi koma phazi limamva. Anandichenjeza kuti ndisasokoneze ndi ABS, yoletsa matayala kuima nji pa buleki, ija imagunda pedulo mwachangu ukaponda mwadzidzidzi kapena poterera, imeneyo ndi ntchito yake.

Kukabwera ukamapatsa moto, makamaka pokwera mtunda, n'kusiya ukachotsa phazi, pa galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo amayamba kukayikira CV joint yamkati, cholumikizira cha pa chitsulo chimene chimapititsa mphamvu ya injini ku tayala. Yakunja ija imadziulula yokha ndi ka "tatatata" ukamakhota kwambiri. Chiwongolero chikamagwedezeka uku ndi uku pang'onopang'ono uli pa 20 kapena 30, ngati galimoto ikuvina, ndiye kuti rimu yapindika pa dzenje kapena mawaya a mkati mwa tayala alekana ndi labala tayala n'kutupa mbali imodzi, ndipo limeneli silofunika kuyenda nalo mpaka mawa, limaphulika. Kulira kwa "wuuuu" kumene kumakula ndi sipidi n'kumasintha ukakhotera mbali ina, bering'i. Kunjenjemera galimoto itangoima injini ikulira, matayala alibe mlandu, nanga akuzungulira? Pamenepo ndi injini kapena ma mounting ake.

Anandionetsanso kugwedeza tayala lili m'mwamba. Manja mbali ndi mbali, kukankha ndi kukoka, likamasewera ndi ma tie rod end kapena rack end, zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi tayala. Dzanja lina pamwamba lina pansi, likamasewera ndi bering'i kapena ball joint. Ndipo anati zimenezi zikakhala zakutha alayimenti ndi kutaya ndalama, ukuyeza chinthu chimene chisuntha ukangotsika pa makina.

## Za kukoka, poyambira ndi paulere

Apa ndi pamene ndinadziseka kwambiri. Anandifunsa kuti mpweya ndimaika wochuluka bwanji, ndinati amene wopopayo waika. Anatsegula chitseko cha dalaivala n'kundilozera kasitika kamene kali pa felemu, zaka zonsezi ndimakadutsa polowa ndi potuluka. Pamenepo m'pamene pali mpweya woyenera wa galimoto yako, galimoto zing'onozing'ono zambiri zimakhala cha m'ma 2.2 bar kapena 32 psi koma uziwerenga yako, ndipo umayeza matayala ali ozizira. Nambala yolembedwa pa tayala penipenipo ndi malire a tayalalo, si yoti uzipopera. Tayala limodzi lakutsogolo likachepa mpweya galimoto imakokera mbali yomweyo, basi, nkhani yake n'kuthera pa pampu.

Mpweya ukakhala bwino, sinthanitsa matayala awiri akutsogolo, lakumanja lipite kumanzere. Kukoka kukasintha mbali kapena kutha, ndiye kuti ndi tayala, pali matayala ena amene amagubuduka ngati ndowa yogonekedwa, amakhotera mbali imodzi ngakhale ali atsopano. Kungoti uyang'ane kaye ngati pambali pake palibe kamuvi kosonyeza kozungulira, otero sasinthidwa mbali mwachisawawa. Ndipo yesa pa malo afulati opanda magalimoto kuti msewu usakunamize.

Alayimenti imabwera pambuyo pa zonsezi. Ndipo apa anandiuza chinthu chimene ndikanakonda nditachimva kale: toe, imene malo ambiri amakonza n'kukuuza kuti tamaliza, kwenikweni imadya matayala ndi kupendeketsa chiwongolero, siimakonda kukoka galimoto. Zokoka ndi camber (kupendekera kwa tayala mkati kapena kunja pamwamba) ndi caster (kupendekera chakumbuyo kwa mzere umene tayala limakhoterapo) zikasiyana kumanja ndi kumanzere. Galimoto imapita mbali imene tayala lake lapendekera kunja kwambiri pamwamba, kapena mbali imene caster yake yachepa. Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono caster ilibe n'pomangira pomwe, nde ikasiyana ndiye kuti china chake chapindika kapena mabushi atha. Ndinatulutsa pepala langa la manambala obiriwira lija mu dashibodi, analiyang'ana n'kuti camber ndi caster zinali bwino kuyambira pachiyambi. Pepalalo linkanena poyera kuti kukoka sikukuchokera kuno, kungoti palibe amene analiwerenga, ine mwini wake ndinangoona zobiriwira n'kusangalala.

Kodi anyamata aja ndiwakwiyire? Ndaganizapo kambirimbiri. Ndinapita ndekha n'kunena kuti ndikufuna balansi, anandipatsa balansi. Ndinati alayimenti, anandipatsa alayimenti. Munthu ukalowa m'sitolo n'kutchula chimene ukufuna sakufunsa kuti ukudwala chiyani. Komabe mnyamata wa "ndi msewu bwana" uja yekha ndimamusungirabe kampeni kumphasa pang'ono, chifukwa pa tayala limenelo anamangirirapo zipangizo ndi manja ake, ndipo rimu yakuda ija anaiona.

## Mwezi wathawu

Galimoto yayambanso kunjenjemera. Mtima unagunda, ndinati caliper ija yabwerera. Koma ulendo uno ndinazimitsa wailesi. Inayamba nditangolowa msewu waukulu, injini isanatenthe n'komwe, pa 90 ndendende. Ndinatsika pa 70, zii. Ndinakwera pa 90, iyo. Ndinaponda buleki, pedulo ili bwinobwino, osakoka mbali iliyonse. Ndinaima, kuzungulira ndi kuseri kwa dzanja ngati madala aja, anthu odutsa akundiyang'ana ngati ndikuombeza, matayala onse kutentha kofanana.

Ndiye ndinakumbukira kuti dzulo lake ndinadutsa njira yamatope. Ndinagwada n'kusuzumira mkati mwa rimu yakutsogolo kumanja, ndinapeza chibuma cha dothi louma chachikulu ngati chibakera chitamatirira mbali imodzi. Ndinachigwetsa ndi sikuludiraiva, kunyumba n'kumalizitsa ndi payipi ya madzi marimu onse anayi.

Madzulo ake ndinawaimbira madala kuti ndidzitame. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Nanga brake fluid ija ndinati mudzasinthenso pakatha zaka 2, mwalemba penapake tsiku lake?" Ndinati ndalemba. Nditadula foni ndinapita kukasaka cholembera.